CIPUKUTA MISOZI CA MABANJA A ANCHITO A ZA UMOYO

Matenda a Covid-19 anapezeka koyamba m'Zambia pa 18 March 2020. Anthu ambiri anauzidwa kukhala pa nyumba, koma anamwino, madokotala, osesa m'mawodi, oyendetsa ambulansi ndi anchito a ku mochale sanaleke kupita ku nchito. Anchito a pa cipatala ca boma ca Petauke, ca Kalindawalo, ca Minga ndi ca Nyimba analandira odwala monga anzao a m'dziko lonse. Katemera anayamba kuperekedwa mu April 2021, ndipo mliri unakula koopsa mu June ndi July caka comweco.

Bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO linayerekeza kuti anchito a za umoyo pakati pa 80,000 ndi 180,000 anafa ndi matendawa kucokera mu January 2020 kufika mu May 2021. Maiko ena anakonza thumba lapadera. Ku Britain banja la wanchito wotere linali kulandira mapaundi 60,000, ndipo ku India marupi 5 miliyoni. Phunziro la lero likunena za njira zimene banja la kuno kwathu lingatsate. Mfundo yake ndi imodzi: ndalama za womwalira sizibwera zokha pa khomo. Zimatsata mapepala, ndipo eni ake oyamba ndi wamasiye ndi ana.

KODI NDALAMA ZICOKERA KUTI?

Coyamba ndi kwa olemba nchito. Malipiro amene anatsala ndi ndalama za masiku a chuti amene womwalira sanapume ziyenera kuperekedwa. Ngati anali wa boma, nkhani iyambira ku ofesi ya za umoyo ya pa boma, ku Petauke kapena ku Nyimba, ndi kupitirira ku ofesi ya cigawo ku Chipata.

Caciwiri ndi penshoni. Bungwe la NAPSA linayamba nchito mu February 2000, ndipo anchito a boma amene analembedwa kuyambira nthawi imeneyo amasonkha kumeneko. Amene analembedwa kale amasonkha ku Public Service Pensions Fund. NAPSA imathandiza pa maliro ngati womwalira anali kusonkha, ndiponso imalipira mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana. Mwana alandira kufikira zaka 18, kapena zaka 25 ngati akali pa sukulu.

Cacitatu ndi Workers' Compensation Fund Control Board, imene likulu lake lili ku Ndola. Iyi imalipira cipukuta misozi ngati munthu wavulala, wadwala kapena wafa cifukwa ca nchito yake. Lamulo lake la mu 1999 linasiya kunja anchito okhazikika a boma, amene nkhani zao zimayenda m'maofesi a boma lomwe. Motero banja la wanchito wa pa kiliniki ya munthu, wa kampani yolondera kapena yosesa ndilo liyenera kufulumira kufunsa kumeneko. Bungweli limafuna umboni wakuti matenda anatengedwa pa nchito.

Cacinai ndi inshuwalansi ndi mabungwe a anchito. Pepala la malipiro la mwezi ndi mwezi limaonetsa zonse zimene anali kudulidwa. Banja liwerenge pepalalo mzere ndi mzere, pakuti dzina lililonse lolembedwa pamenepo ndi khomo loyenera kugogoda.

MAPEPALA OFUNIKA

1. Kalata ya cipatala yonena cimene cinapha munthu. Ngati anafera ku nyumba, apolisi ndiwo amalemba lipoti loyamba.
2. Setifiketi ya imfa yocokera ku ofesi yopereka zitupa, ndi cilolezo coika maliro.
3. Citupa ca NRC ca womwalira ndi ca wamasiye.
4. Setifiketi ya ukwati. Ngati ukwati unali wa mwambo, Local Court ingapereke pepala lotsimikiza.
5. Mapepala a kubadwa a ana kapena makadi ao a ku sikelo, ndi kalata ya ku sukulu ya ana okulirapo.
6. Kalata yolembedwera nchito, mapepala a malipiro ndi nambala ya NAPSA.
7. Zotsatira za kupima matenda, ndi umboni wa wodi imene anali kugwiramo nchito masiku amene anadwala.

Pepala lililonse lijambulidwe kawiri kapena katatu. Lenileni likhale ndi wamasiye. Popereka mapepala pa ofesi, ndi bwino kulemba m'kabuku tsiku ndi dzina la amene walandira. Kucedwa kumaononga zinthu: anchito amasamutsidwa, mafaelo amasowa, ndipo mboni zimaiwala.

KAGAWIDWE KA CUMA

Mavuto ambiri amayamba ndalama zikafika. Nthawi zina acibale amene sanaoneke pa matenda ndiwo amayamba kufunsa makiyi a nyumba. Lamulo la cuma ca masiye la mu 1989 linaika poyera kagawidwe ngati munthu wafa osalemba wilo. Pa K100 iliyonse, ana atenga K50, mkazi kapena mwamuna wotsala K20, makolo a womwalira K20, ndipo ena amene anali kusungidwa ndi womwalirayo K10.

Mwacitsanzo, ngati namwino wasiya K80,000, ana ake agawana K40,000, wamasiye alandira K16,000, makolo K16,000, ndipo osungidwa K8,000. Ngati akazi anali awiri kapena atatu, gawo la wamasiye ligawidwa poona zaka zimene aliyense anakhala pa ukwati ndi zimene anathandiza. Nyumba ndi ya ana ndi wamasiye, ndipo wamasiye ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse pokhapokha atakwatiwanso kapena kukwatiranso. Lamuloli silikhudza minda ya m'manja mwa mafumu. Penshoni ya NAPSA nayo ili ndi malamulo akeake, ndipo imapita kwa eni ake mwacindunji.

Pa mwambo wa Ansenga ndi Acewa, malume ndi munthu wolemekezeka ndipo mau ake amamveka pa maliro. Ulemu umenewu ukhalebe, koma sumupatsa gawo la ana. Amene banja lamusankha kukhala adiminisitireta ayenera kutsimikizidwa ndi khoti. Iye ndi kapitao cabe: nchito yake ndi kusonkhanitsa cuma, kubweza ngongole ndi kugawa monga mwa lamulo. Akadya cumaco, khoti lingamucotse ndi kumulamula kubweza. Wamasiye amene walandidwa katundu apite ku Victim Support Unit pa polisi ya Petauke kapena ya Nyimba. Kulanda katundu wa masiye ndi mlandu.

AMENE ALIBE PEPALA LA MALIPIRO

Pali ena amene anagwira nchito yaikulu pa mliri koma maina ao sali pa ndandanda ya malipiro: odzipereka a m'makomboni ndi m'midzi, amene anali kulondola odwala ndi kuitanira anthu ku katemera. Popeza sasonkha penshoni kudzera m'nchitoyo, mabanja ao ndiwo amavutika koposa. Wodzipereka aliyense apemphe kalata kwa mkulu wa kiliniki yonena nchito imene agwira. Banja la wotere likaferedwa, lipite ku ofesi ya Social Welfare kukafunsa za thandizo la ana ndi la mtukula pakhomo.

KUKONZEKA KUKALI MOYO

WHO inalengeza pa 5 May 2023 kuti Covid-19 sinalinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, koma mu October caka comweco kolera inabuka m'Zambia ndi kupha anthu mazana ambiri. Miliri sidzatha, ndipo anchito a za umoyo ndiwo adzakhala patsogolo nthawi zonse.

Cifukwa cace wanchito aliyense alembetse maina a mkazi kapena mwamuna wake ndi ana onse ku penshoni, aone ngati olemba nchito akutumizadi zosonkha zake, ndipo alembe wilo pamaso pa mboni ziwiri. Akadwala, apimitse ndi kusunga zotsatira. Mapepala onse akhale mu envulopu imodzi, ndipo mnzake wa m'nyumba adziwe pamene ili. Kulemba wilo sikuitana imfa ai. Ndi njira yoti ana apitirize sukulu ngakhale kholo litapita.