Kodi khoti la ku London lingaweruze za munda wakunja?

Tayerekezani kuti kampani yawononga munda wanu ku Zambia, koma likulu lake lili ku London. Mungakaisumire kumeneko?

Kale zinali zosatheka. Mu 1893, pa mlandu wa British South Africa Company ndi Companhia de Moçambique, oweruza a House of Lords anagamula kuti makhoti a ku England asamalowerere milandu ya malo akunja. Paja nthaka imayendera malamulo a dziko lomwe ili.

Mu 1982 lamulo linasintha: mlandu wowononga malo akunja ungamvedwe, bola mkangano waukulu usakhale woti mwini malo ndani.

Mu 2019, khoti lalikulu la ku Britain linalola anthu a ku Chingola kusumira Vedanta ku England, podandaula kuti mgodi wa kopa unaipitsa madzi ndi minda yawo.