Mbatata isangothera pamsewu, ina ilowe mumphika

Alimi anzanga, nyengo yokumba mbatata yafika, ndipo aliyense woyenda pamsewu wa Lilongwe-Salima akudzionera yekha milu ya mbatata yomwe yandandalikidwa pa Chezi pano. Sabata ino ndasiya dala nkhani za feteleza ndi mitengo ya mbewu kuti tikambeko za mphika, chifukwa ndaona kuti ambiri a ife kulima mbatata timatha, koma kaphikidwe kake timakatenga mwachibwana.

M'makomo ambiri zimachitika motere. Mayi amasenza dengu la mbatata m'mawa kukagulitsa pamsewu, ndipo pobwerera madzulo amagula masikono, shuga ndi tizakudya ta m'mapepala tija ana amatikonda. Mbatata yotsala kunyumba, ija ing'onoing'ono ndi yoboola nankafumbwe, ndiyo imaphikidwa mawa lake m'madzi okhaokha n'kumwera tiyi wopanda mkaka. Kugulitsa sikulakwa, pakuti sopo, mchere ndi makope a ana zonse zimalira ndalama. Chomwe ndikudandaula n'chakuti chakudya chabwino chikukwera minibasi kupita ku Lilongwe, ife eni ake n'kutsala ndi chakudya chongodzaza mimba.

Nkhaniyi si yamasewera ayi. Kafukufuku wa boma wa m'zaka za 2015 ndi 2016 adapeza kuti mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno, ana 37 adali opinimbira, kutanthauza kuti msinkhu wawo sumagwirizana ndi zaka zawo. Mwana wopinimbira sakhala wamfupi chabe; amadwaladwala ndipo kusukulu zimamuvuta kugwira. Ife a pa Chezi sitifunika kuuzidwa zambiri, popeza pakhomo pathu pomwe pano asisitere a ku St. Mary's Rehabilitation Centre akhala zaka zambiri akulera ana amasiye ndi kusamalira ana onyentchera. Chodabwitsa n'chakuti mapiri a Dowa ndi Ntchisi ndiwo nkhokwe ya mtedza, soya ndi nyemba. Tsono nthawi zambiri vuto silikhala kumunda, limakhala pamafuwa.

Tiyambe ndi mtundu wa mbatata. Mukaidula pakati, ina imakhala yoyera, ina yachikasu ngati ya Kenya ija tidaizolowera, ndipo ina imakhala yofiira ngati papaya lakupsa. Yofiira mkatiyi ndiyo ili ndi zinthu zimene thupi limasandutsa vitamini A, yemwe amateteza maso ndi kulimbitsa thupi kuti lizitha kulimbana ndi matenda. Yoyera ija imakhutitsa bwino, koma vitamini ameneyu mulibe. Zondeni ndiyo idayamba kudziwika, ndipo mu 2011 akatswiri a kafukufuku wa zaulimi adatulutsa mitundu ina isanu: Kadyaubwerere, Chipika, Kaphulira, Mathuthu ndi Anaakwanire. Mayina okhawo akukuuzani zomwe eni ake ankafuna. Ntchito yofalitsa mbatata yotereyi mu Africa idatchuka mpaka kunja, moti mu 2016 Maria Andrade, Robert Mwanga ndi Jan Low a bungwe la International Potato Center adalandira mphoto ya World Food Prize pamodzi ndi Howarth Bouis. Akatswiri a zakudya amati kambatata kamodzi kofiira kophika, kolemera magalamu 125, kamakwanira vitamini A yemwe mwana wamng'ono amafuna pa tsiku.

Kunena zoona, vuto la kusowa vitamini A lachepa kwambiri m'dziko muno. Mu 2001 lidapezeka mwa ana 59 pa 100 aliwonse, koma pofika 2016 lidatsika kufika pa ana 4 okha. Zathandiza ndi timibulu ta kusikelo tija, komanso vitamini yemwe amathiridwa mu shuga ndi m'mafuta ophikira. Koma kupinimbira sikudatsike motero, ndipo kafukufuku yemweyo adapeza kuti ana 6 mwa 10 aliwonse amasowa mchere wa zinki m'thupi. Apa ndi pomwe pagona mfundo yanga: mbatata payokha, ngakhale ifiire bwanji, si chakudya chokwanira. Ilibe mafuta, ndipo zomanga thupi zilimo zochepa. Ndiponso vitamini A amalowa bwino m'thupi pokhapokha chakudyacho chili ndi mafuta pang'ono. Mbatata imafuna anzake, ndipo anzakewo tili nawo kale: nsinjiro ndi usipa.

Agogo athu adaidziwa kale nzeruyi pamene ankaphika futali. Ena masiku ano amamuona ngati chakudya cha anthu osauka, koma kwa ine palibe chakudya cha m'mawa chomuposa. Pa banja la anthu asanu, tengani mbatata zisanu ndi imodzi zazikulu ngati nkhonya. Zitsukeni, zisendeni mopyapyala, ndipo muzidule zibenthu zikuluzikulu, osati tizidutswa tating'ono. Thirani madzi ongofika pakati pa mbatatazo, mchere pang'ono, ndipo muvundikire. Mphika wosavundikira umadya nkhuni komanso umachedwetsa chakudya. Pakapita mphindi 15 kapena 20, zikayamba kufewa koma madzi asanaphwere, sungunulani kapu imodzi ndi theka ya nsinjiro m'madzi ozizira n'kuthira pamwamba. Musatakase msanga. Chepetsani moto, vundikiraninso, ndipo nsinjiro zibwate mphindi 10 kufikira fungo la uwisi litatha. Kenaka takasani pang'onopang'ono kuti zibenthu zina zinyenyeke, zina zitsale. Ine ndimakonda kuthiramo tomato mmodzi ndi kaanyezi, ngakhale amayi ena achikulire amati kumeneko n'kuononga futali. Aliyense atsate lilime lake.

Pa nsinjiro pali chenjezo lomwe sindingalidumphe. Chizolowezi chathu ndi chakuti posankha mtedza, wabwino umapita kwa ogula, ndipo wofota, wosweka ndi wachuku ndiwo timasinja kuti tidye. Kumeneku n'kudzipha tokha. Chuku cha mtedza chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin yemwe amaononga chiwindi, ndipo akatswiri apeza kuti ana omwe amamudya kawirikawiri sakula bwino. Poizoni ameneyu saferatu ndi moto. Kukazinga kapena kuwiritsa sikumuchotsa. Mtedza wosintha mtundu, wowawa kapena wonunkha chinyezi utayidwe, ndipo usaperekedwe ngakhale kwa nkhuku. Lekaninso kuwaza madzi pa mtedza pofuna kuti usavute kusenda, chifukwa chinyezi chimenecho ndicho chimaitana chuku. Mtedza wa mumphika wa ana ukhale wofanana ndi womwe mungaonetse wogula.

Mwana akakwana miyezi isanu ndi umodzi, pamene wayamba kulandira zakudya zina kuwonjezera pa bere, futali yemweyu amamuyenera. Patulani kachibenthu, kakanyeni mpaka kasalale, ndipo muthiremo supuni yaing'ono ya ufa wa usipa. Ufawu kupanga kwake n'kosavuta: kazingani usipa wouma pa chiwaya popanda mafuta, usinjeni wonse ndi mitu yomwe, sefani, ndipo musunge m'botolo louma lotseka bwino. Mitu ndi minga imene ambiri timataya ndimo muli zolimbitsa mafupa, ndipo tinsombati timapatsanso ayironi ndi zinki yemwe mbatata ikusowa. Mbatata yokanya mungaisakanizenso m'phala la mgaiwa, ndipo mudzaona kuti shuga safunikanso. Phalalo likhale lolimba loti likhazikike pa supuni. Phala lamadzimadzi limadzaza kamimba ka mwana ndi madzi, iye n'kugona ngati wakhuta.

Masamba ake nawonso ndi ndiwo. Kholowa amapezeka ngakhale mbatata isanakhwime, nthawi imene ndiwo zimasowa. Tcholani nsonga zanthete, koma musapulule munda wonse chifukwa mbatata pansi siikula. Ayanikeni padzuwa kanthawi kochepa kuti afote, akatero sachita thelele kwambiri. Kenaka aphikeni mwachangu ndi tomato, anyezi ndi nsinjiro kapena supuni ya mafuta. Soda ndi chidulo zisayandikire, pakuti zimafewetsa ndiwo msanga koma zimapha mavitamini ena. Ndipo tiyi musamwe nthawi imodzi ndi chakudya chotere, chifukwa amatchinga ayironi kuti asalowe bwino m'thupi. Ndi bwino kutsitsira ndi bwemba, malambe kapena lalanje.

Tsopano ndikuuzeni za chakudya china chachilendo chomwe tingachisandutse chathu. Kumalire a dziko la Mexico ndi chigawo cha Texas ku America, abusa a ng'ombe kalelo ankapatsidwa nyama yotsalira ngati gawo la malipiro awo. Iwo ankaiotcha, kuidula timizere, n'kuikulunga m'chikate chopyapyala. Chakudyachi amachitcha fajitas, ndipo lero chimagulitsidwa m'malesitilanti akuluakulu ndi anyezi ndi tsabola wokazinga, ena akumaikamo nkhuku, ena tizilombo ta m'nyanja yamchere totchedwa shrimp. Mbatata yeniyeniyo, monganso chimanga, kwawo n'komweko ku America. Ife shrimp tilibe, ndipo sitikumusowa. Usipa wochokera ku Senga Bay ndi madoko ena a ku Salima umadutsa pakhomo pathu tsiku ndi tsiku, ndipo chapati ambiri tidamuona kale akuphikidwa.

Wiritsani mbatata yofiira ndi makoko ake, isendeni ikapsa, ndipo muikanye. Pa makapu awiri a ufa wa tirigu ikani kapu imodzi ya mbatata yokanyayo, mchere pang'ono ndi supuni ziwiri za mafuta. Kandani osathira madzi poyamba, chifukwa mbatata ili kale ndi madzi ake; muwonjezere pang'ono pokha ngati zikuuma. Pano ndi pomwe mbatata yofiira ija abambo amaidandaula kuti ndi yamadzimadzi imagwira bwino ntchito. Vundikirani mtandawo kwa theka la ola, ugaweni timipira, ndipo mutambasule ndi botolo loyera. Otchani pa chiwaya chotentha, mbali iliyonse mphindi ziwiri, mafuta ongopaka. Chapati wake amatuluka wofewa, wachikasu ngati mwathiramo mazira.

Za mkati mwake, viikani usipa wodzaza manja awiri m'madzi ofunda kwa mphindi zochepa kuti mchenga uchoke. Ukazingeni m'mafuta pang'ono mpaka uume bwino, kenaka ikani anyezi wodula mozungulira, tsabola wobiriwira wosawawa uja, ndi tomato pomalizira. Masambawa asapse mpaka kulobodoka. Azimveka pansi pa dzino. Finyirani ndimu, ndipo okonda kuwawa aikemo kambuzi. Ikani pakati pa chapati, pamwamba kachibenthu ka peyala ngati ili nyengo yake, n'kukulunga. Usipa ukakwera mtengo, nyemba zophika zotsala dzulo kapena mazira awiri okazinga zimalowa m'malo mwake. Mwana wa sukulu angathe kutenga chakudyachi m'chikwama, ndipo bambo wopita kudimba angadye osafuna mbale.

Alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Mukawerenga bwino, chapati mmodzi wokulunga uja wagwira magulu anayi kapena asanu nthawi imodzi, pamene sikono ndi tiyi zagwira limodzi lokha. Kumbali ya thumba nakonso pali phindu. Tirigu wambiri yemwe timadya m'Malawi amachokera kunja, ndipo ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu mu Novembala 2023, mtengo wa buledi ndi ufa wa tirigu udakwera tonse tikuona. Kapu iliyonse ya mbatata yomwe yalowa mumtanda ndi kapu ya ufa yomwe simunagule. Amayi ophika mandasi ogulitsa pamsika aganizirepo bwino pamenepa.

Kwa odwala matenda a shuga, mbatata yowiritsa ndi yabwinoko kusiyana ndi yootcha, koma idyedwe pang'ono ndiponso ndi ndiwo zamasamba zambiri, motsata uphungu wa kuchipatala.

Zonsezi zitheka ngati mbatata ikhalapo pakhomo kupyola mwezi wokolola. Chaka cha 2024 chidatiphunzitsa zambiri, pamene ng'amba idaononga chimanga mpaka boma kulengeza mu Malichi kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Mbatata imapirira ng'amba kuposa chimanga ikangomera bwino, choncho siyenera kugulitsidwa yonse mu Juni. Patulani yosatemeka ndi khasu komanso yopanda nankafumbwe, ikhale pamthunzi masiku angapo kuti khungu lilimbe, ndipo muisunge munkhuti ndi phulusa louma monga ankachitira makolo. Muziyang'anamo kawirikawiri ndi kuchotsa yoola. Ofuna kuyanika adule mopyapyala n'kuyanika pamthunzi podutsa mphepo, koma adziwe kuti mbatata youma imataya vitamini wake ikakhala miyezi yambiri, ndiye idyedwe msanga. Mbewu ya mitundu yofiira ija funsani kwa alangizi a zaulimi a m'dera lanu, ndipo mukaipeza mubzaleko mizere iwiri kapena itatu kudimba, yotchingidwa bwino kuti mbuzi zisalowe, kuti mvula yoyamba ikadzagwa mudzakhale ndi mbewu yanuyanu.