Mabatani a siliva: kodi telala awaboole?

FUNSO

Ndimakhala ku Leicester, ku England, komwe ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Mwezi watha ndinagula kabokosi m'sitolo ya zinthu zakale. Muli mabatani 6 akuluakulu, lililonse lili ndi nkhope ya mkazi wa tsitsi lalitali lopotana ndi maluwa, koma m'mizere mwake ndi mwakuda. Kumbuyo kuli tizidindo: nangula, mkango ndi chilembo c chaching'ono. Ndikufuna kuwaika pa bulauzi ya chitenje yomwe ndidzavale pa chinkhoswe cha mwana wanga ku Lilongwe. Alibe mabowo, angokhala ndi kamphete kumbuyo, ndiye telala wanga akuti awaboola kuti asokeke bwino. Mng'ono wanga nayenso akuti ndiwakweche ndi phulusa kuti awale, awiri ndimupatse akapangitse ndolo. Kodi ndi siliva weniweni? Nditani?

Mayi wa ku Leicester

YANKHO

Mayi, chonde telalayo asawaboole. Malinga ndi zomwe mwafotokozazi, muli ndi siliva weniweni, ndipo tizidindoto ndi umboni wake. Mkango woyendawo ndi chizindikiro chomwe a ku England anayamba kudinda mu 1544, kutsimikizira kuti chinthucho ndi siliva wa 925, kutanthauza kuti pa magawo 1,000, magawo 925 ndi siliva, otsalawo kawirikawiri amakhala mkuwa womulimbitsa. Nangula akuimira ofesi yoyesa siliva ya ku Birmingham, yomwe inatsegulidwa mu 1773 atailimbikira Matthew Boulton, mwini fakitale yomwe inkapanganso mabatani. Mukanapeza zilembo EPNS, ndikanakuuzani kuti ndi chitsulo wamba chongokutidwa siliva pamwamba.

Chilembo c chikunena chaka. Ku Birmingham zilembo zing'onozing'ono zosakhotakhota zinayambira pa a mu 1900, choncho c ndi 1902. Kunalinso c wamng'ono wa 1877, koma ameneyo analembedwa mokhotakhota, ndipo pambali pake pamakhala mutu wa Mfumukazi Victoria, chidindo cha msonkho chomwe chinasiyidwa mu 1890. Nkhope ya mkazi wa tsitsi lopotanayo ikugwirizananso ndi 1902, nthawi yomwe kakongoletsedwe ka Art Nouveau kanali pa fasho. Jambulani tizidindoto ndi foni, mukulitse chithunzicho, mukaonetse wosula ndolo ndi mphete kumeneko kuti atsimikize.

Kamphete kakumbuyoko sikasonyeza kuti china chikusowa. Amayi a nthawi imeneyo sankasokerera mabatani oterewa. Chovala chinkakhala ndi timabowo toluka m'mphepete, kamphete kankapisidwa pa bowolo, ndipo m'kati ankakatsekera ndi kawaya kozungulira konga ka makiyi. Pochapa ankawachotsa n'kuwabwezera m'kabokosi, mawa n'kuwaika pa chovala china. N'chifukwa chake afika m'manja mwanu onse 6 patatha zaka zoposa 120. Telala wanu achite chimodzimodzi: aboole nsalu, osati siliva. Aikenso kansalu kolimba m'kati mwa mzere wa mabataniwo, chifukwa siliva amalemera ndipo chitenje chikhoza kukokeka. Ngati chitenjecho chili ndi maluwa ochuluka, mzere umenewo ukhale wa nsalu ya mtundu umodzi, yakuda kapena yobiriwira kwambiri, apo ayi nkhope zija zidzasowa m'kati mwa maluwa.

Za phulusa ndikukana kwamtuwagalu. Batani si poto. Siliva ndi wofewa, ndipo phulusa, mchenga, sitiliwulu ngakhale mankhwala otsukira mano zimadya pamwamba pake. Mphuno ndi masaya a mkaziyo ndi zomwe zimayamba kufufutika, kenako tizidindo tomwe tikuchitira umboni. Kudako si dzimbiri ayi. Siliva amada akakumana ndi salufa wa mumpweya, ndipo mdima wa m'mizerewo ndi womwe umachititsa kuti tsitsi ndi maluwa zioneke bwino. Tsukani ndi madzi ofunda ndi sopo pang'ono, pukutani mpaka aume, kenako pakani pamalo otukuka okha ndi kansalu kopukutira siliva komwe amagulitsa m'masitolo a ndolo. Mudzamva ena akunena zowaviika m'madzi otentha a soda ndi pepala la aluminiyamu. Njirayo imayeretsadi, koma imachotsa mdima wonse, batani n'kutsala mbee ngati logula dzulo. Posunga musawamange ndi labala, chifukwa labala ali ndi salufa.

Pempho la mng'ono wanu ndi lovutirapo chifukwa ndi la pachibale, komabe musawagawe. Mabatani 6 ofanana, ali m'kabokosi kawo, ogula zinthu zakale amawafuna kwambiri kuposa 4 otsala, ndipo siliva wa m'batani limodzi ndi wochepa moti kumusungunula n'kutaya. Popanga ndolo wosula amadula kamphete kaja n'kuwotcherera pini, ndipo zikatero sizibwereranso. Ngati akufuna kudzaoneka nawo pa chinkhoswepo, mubwerekeni limodzi, apise riboni pa kamphete avale m'khosi, inu muvale 5. Paulendo wa ku Lilongwe kabokosiko kakhale m'chikwama cha m'manja, ndipo bulauzi ikamapita kochapa mabataniwo muyambe mwawachotsa.