Phunziro la Ziweto: Chifuwa Chachikulu Chobisala m'Khola

Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mwambiwu ukuyenerera bwino chifuwa chachikulu cha ziweto, pakuti ng'ombe imatha kuoneka yonenepa, yodya bwino ndi yotulutsa mkaka wambiri, pamene m'mapapo mwake muli kale zilonda. Phunziroli likufotokoza mmene nthendayi imafalira, mmene akatswiri amaipezera, ndi zimene alimi a m'boma la Zomba ayenera kuchita.

Chimene chimayambitsa

Nthendayi imayamba ndi kachilombo kotchedwa Mycobacterium bovis, m'bale wake wa kachilombo ka chifuwa chachikulu cha anthu kamene Robert Koch anakatulukira mu 1882. Kamakonda ng'ombe, koma kamagwiranso mbuzi, nkhumba, nyama zakutchire ndi anthu. Kamaswana pang'onopang'ono, kotero chiweto chimatha miyezi kapena zaka chisanayambe kuwonda, kutsokomola ndi kutupa mwanabere m'khosi. Bungwe la WHO linayerekeza kuti mu 2016 anthu pafupifupi 147,000 padziko lonse anadwala chifuwa chachikulu chochokera ku ziweto, ndipo 12,500 anamwalira.

Mmene imafalira

Umboni womveka bwino wa mmene nthendayi imayendera ukuchokera kutali. Alimi a ku New Zealand amaweta nyama zotchedwa deer, zofanana ndi nswala, pofuna nyama ndi nyanga zake. Atazichotsa kutchire n'kuzitsekera zambiri mu mpanda umodzi, nthendayi inapezeka pakati pawo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Nyamazi zimatupa mwanabere wodzaza mafinya, ndipo akaphulika amapatsira zinzake. Mlimi wogula nyama yooneka yathanzi ankatha kulowetsa nthendayi pafamu yake osadziwa, komanso kanyama kakutchire kotchedwa possum kankaisunga n'kumaibwezera kwa ziweto. Pafupi ndi kuno, nthendayi inakhazikika mu nyama zotchedwa lechwe zimene zimadya msipu umodzi ndi ng'ombe m'madambo a Kafue ku Zambia, ndipo mu 1990 inapezeka mu njati za ku Kruger ku South Africa.

Zitsanzo zonsezi zikuonetsa njira zitatu: kuthithikana, kusamutsa ziweto zosayezedwa, ndi kudyera kapena kumwera pamodzi. Njirazi si zachilendo ku Zomba. Ng'ombe yamkaka imene imakhala m'khola usana ndi usiku imapuma mpweya umodzi ndi inzake, ndipo thole limayamwa kachilomboka mu mkaka wa make. Ng'ombe za eni osiyanasiyana zimakumana pa msipu wa m'madambo a nyanja ya Chilwa. Kachilomboka kamafa msanga padzuwa, koma kamakhalitsa pamalo ozizira, achinyezi ndi amthunzi, monga mmene nyengo ya paphiri la Zomba ndi m'mphepete mwake imakhalira. Khola lamatope losalowa mphepo n'loopsa kuposa mmene limaonekera.

Mmene akatswiri amaipezera

Maso sangathe kuzindikira nthendayi ikadali koyambirira. Njira yodziwika kwambiri ndi yoyeza pakhungu. Dokotala wa ziweto amameta kachigawo ka pakhosi, amayeza kukhuthala kwa khungu, kenaka amabaya timadzi totchedwa tuberculin. Pakatha maola 72 amabweranso kudzayeza, ndipo ngati pamalopo patupa kupitirira muyezo, chiwetocho chimakayikiridwa.

Komabe njirayi ili ndi malire ake. Chiweto chimene changotenga kumene kachilomboka, kapena chimene chadwalika kwambiri, chimatha osatupa konse. China chimatupa chifukwa chinakumana ndi tizilombo tapachibale ta m'nthaka kapena ta mbalame. N'chifukwa chake akatswiri nthawi zina amabaya mitundu iwiri ya tuberculin, wa ng'ombe ndi wa mbalame, n'kuyerekeza zotupazo, ndipo amabwereza kuyeza pakapita milungu ingapo. Mlimi asadabwe akauzidwa kuti kuyeza kamodzi sikukukwanira.

Malo achiwiri otulukira nthendayi ndi kophera nyama. Woyeza nyama amacheka mwanabere wa m'mutu ndi wa m'chifuwa, amayang'ana mapapo ndi chiwindi, kufufuza timibulu tachikasu touma m'kati. Chitsimikizo chomaliza chimachokera ku labotale, ndipo m'dziko muno labotale yaikulu ya ziweto ili ku Lilongwe. Kumeretsa kachilomboka kumatenga milungu yofika isanu ndi itatu, choncho zotsatira zimafuna kudekha.

Chifukwa chake banja liyenera kusamala

Munthu amatenga nthendayi makamaka pomwa mkaka wosawiritsa kapena chambiko chopangidwa ndi mkaka wotero. Abusa ndi opha nyama amathanso kuitenga mu mpweya kapena pabala. Ana ndi anthu amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika ndiwo ali pachiopsezo chachikulu, ndipo kawirikawiri imawagwira m'khosi kapena m'mimba osati m'mapapo mokha. Kachilombo ka ng'ombeka sikamva pyrazinamide, amodzi mwa mankhwala anayi oyambira a chifuwa chachikulu. Motero wodwala amene amasunga ng'ombe kapena amamwa mkaka wosawiritsa ayenera kuuza dokotala zimenezi. Kuyeza ndi mankhwala a chifuwa chachikulu n'zaulere pa chipatala chachikulu cha Zomba ndi m'zipatala zina za boma.

Zoyenera kuchita

Mlimi afunse mlangizi wa ziweto asanagule ng'ombe kapena kulandira ya m'ndondomeko yopatsirana, ndipo yatsopanoyo ikhale payokha mpaka itayezedwa. Khola likhale louma, lolowa dzuwa ndi mphepo. Mkaka uwiritsidwe nthawi zonse. Nyama igulidwe yokhayo imene yayezedwa, pakuti yophedwa mobisa kapena yakutchire palibe amene waiona m'kati.

Ng'ombe yopezeka ndi nthendayi sipatsidwa mankhwala. Imachotsedwa m'khola motsatira malangizo a akatswiri. Zimenezi n'zowawa kwa banja limene fizi ya ana imachokera mu mkaka. Koma kuigulitsa mwakachetechete pamsika ndi kusamutsira nthendayo m'khola la mnansi, ndipo kuisunga ndi kuika pachiswe ng'ombe zotsala pamodzi ndi ana omwa mkaka wake. Mlimi amene waona ng'ombe ikuwonda kapena kutsokomola kwa nthawi yaitali apite msanga ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lake.