Phunziro la Mwezi Uno: Nyengo ya Chipale ku Britain

Mwezi uno tiphunzire za dziko limene ambiri a ife sitinalione ndi maso, ndilo Britain, kumene anachokera Dr. David Livingstone ndi atumiki ena oyamba a Mau a Mulungu. Ife tikamva mphepo ya mwera m'mwezi wa Juni tiuzana kuti, Kwazizira lero, ndipo tiotha moto kufikira dzuwa litakwera. Koma kumeneko chisanu chikhala miyezi itatu, ndipo chikhoza kupha munthu wosakonzeka.

1. Chipale nchiani?

Ena a ife pomva za chipale chofewa tiyesa kuti ndicho matalala. Si chimodzi ai. Matalala ali olimba ngati timiyala, agwa ndi mkokomo, natha msanga. Koma chipale ndicho chinyezi cha m'mitambo chimene chaundana ndi kuzizira, ndipo chigwa pang'onopang'ono, chopanda phokoso, monga thonje louluka ndi mphepo. Chikagwa usiku wonse, m'mawa mwache njira, minda ndi matsindwi ziri mbuu ngati ufa woyera, ndipo sichisungunuka kufikira kutafunda.

Nyengo iyi iwafikira kuyambira Disembala kufikira Febuluwale, pamene ife tiri m'munda kupalira. Masiku afupika ndithu. Ku Edinburgh, mzinda waukulu wa Scotland, dzuwa la pa Khrisimasi likhala maora 7 okha, kotero kuti ana apita kusukulu kusanayere bwino, nabwerako kuli chisisira.

2. Makhalidwe a m'nyumba ndi kubusa

Lero nyumba zambiri za kumeneko zifunditsidwa ndi gasi, koma m'masiku a makolo ao moyo wa banja unali pa malasha. Mai analawira kukakoleza moto, bambo natenga fosholo kufukula njira ya pakhomo. Ana anavala malaya a ubweya wa nkhosa ndi nsapato zazitali. Madzi a m'mipope anauma gwa. Ndipo popeza madzi akaundana atupa, mipope inang'ambika, nyumba nidzala madzi tsiku lakufunda.

M'munda simumera kanthu nyengo yonseyi. Chifukwa chache mlimi anamweta udzu m'miyezi yofunda, nauyanika, nausunga m'nyumba, kuti ng'ombe ndi nkhosa zikadye pamene msipu wakwiririka. Kumapiri mphepo iunjika chipale pamalo amodzi, ndipo nkhosa zobisala kuseri kwa mpanda zifotseredwa zamoyo. Pamenepo mbusa aturuka ndi garu wache ndi ndodo yaitali. Garu anunkhiza, mbusa nazika ndodo pano ndi apo, kufikira atakhudza nkhosa, naifukula. Zina zipezeka zamoyo patapita masiku ambiri.

3. Chaka cha 1947

Si chaka chiri chonse chimene chipale chichuruka. Koma mu 1947 chinagwa kuyambira kumapeto kwa Januwale kufikira pakati pa Malichi, ndipo masiku 55 otsatana panalibe tsiku limodzi losagwa kwina kwache m'dzikomo. Kumapiri a Scotland chinaunjikana mapazi oposa 20.

Tsoka linakula pakuti nkhondo yaikulu inali itangotha mu 1945. Chakudya, ngakhale mkate womwe, anali kugula mwa muyeso woikidwa ndi Boma, ndipo malasha osungidwa anali ochepa. Malasha analipo kumigodi, koma anaundana m'miulu, ndi njanji zinatsekeka. Tsono pa 10 Febuluwale Boma linayamba kuzimitsa magetsi m'nyumba za anthu maora 5 tsiku ndi tsiku. Nyumba za nchito zinatsekedwa, anthu ngati 2,000,000 nakhala opanda nchito. Ndiwo za m'munda zinakanirira m'nthaka youma ngati mwala. Mwa nkhosa zinai ziri zonse, ngati imodzi inafa. Ndipo pamene kunafunda m'Malichi, chipale chinasungunuka pamodzi ndi mvula, mitsinje ya Thames ndi Trent nisefukira, madzi nalowa m'nyumba zoposa 100,000.

Nanga anthu anapulumuka bwanji? Ndege za nkhondo zinaponya chakudya m'midzi yotsekeredwa. Asilikari anafukula njanji ndi mafosholo, ndipo pamodzi nao panagwira nchito akaidi a ku Germany, amene zaka ziwiri zapitazo anali adani ao. Anthu a ku Canada, kutsidya la nyanja, anatumiza mitokoma ya chakudya.

4. Chimene tiphunzirapo

Poyamba tiona kuti nkhokwe siimangidwa tsiku la njala. Dziko lija linali nao malasha, koma sanali pafupi pa tsiku lakuwafuna. Buku la Miyambo, mutu 31, litama mkazi wangwiro amene chipale sichimuopsa, popeza anayamba wakonzeratu zovala za a m'nyumba yache. Chipale chathu ife ndicho miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene chimanga chakale chatha ndi chatsopano sichinache. Ife amene tigulitsa chimanga chonse pokolora, kapena kuchimwaza pa mowa, tifanana ndi mlimi wosamweta udzu m'masiku a dzuwa.

Kachiwiri tiona kuti kusunga kokha sikukwanira. Mudzi wotsekeredwa sukhoza kudzitsegulira wokha. Thandizo liyenera kuchokera kwa iwo akukumbukira kuti kuseri kwa phiri kuli anthu. Ndipo kumbukirani kuti nkhosa yokwiririka simveka kulira kwache. Mbusa akadikira kuti imuitane, adzaipeza itafa. Momwemonso m'midzi mwathu muli akazi amasiye, nkhalamba ndi odwala amene manyazi awatseka pakamwa. Tisadikire kuti adzapemphe. Akulu a mpingo, amai a chigwirizano, ndi ife tonse, tiyende nyumba ndi nyumba, tione pamene utsi suturuka. Makolo athu anati, Kupatsa nkuika. Ndipo Ambuye wathu Yesu anatiphunzitsa kuti chimene tichitira wanjala tichitira Iye mwini.

Mafunso akukambirana m'kalasi

1. Chipale chisiyana bwanji ndi matalala?
2. Chinasowetsa malasha mu 1947 nchiani, pokhala analipo kumigodi?
3. M'nkhokwe yanu muli chakudya chofikira mwezi uti?
4. Ndani m'mudzi mwanu amene sanayenderedwe mwezi uno, ndipo adzapitako ndani Sabata isanafike?