Werengani Mogwirizana ndi Momwe Ubongo Umaphunzirira

Ubongo sukhala phee kudikira kuti maso ndi makutu aubweretsere nkhani. Umalosera zomwe zikubwera, n'kumayerekeza ndi zomwe zachitikadi. Katswiri wa ku Germany, Hermann von Helmholtz, anafotokoza maganizo amenewa m'zaka za m'ma 1860. Umu ndi mmenenso asayansi amagwirira ntchito: amaganizira yankho, amaliyesa, likalephera amalikonza. Inu amene mukukonzekera mayeso a MSCE, tsatani njira yomweyi.

Choyamba, musanatsegule buku, dzifunseni funso ndipo mulembe yankho lanu, ngakhale mukulikayikira. Mwachitsanzo, kodi chimanga chimachipeza kuti chakudya chake? Ambiri amayankha kuti m'nthaka.

Tsopano tsegulani buku, mufufuze pomwe mwaphonya. Mupeza kuti masamba ndi amene amapanga shuga kuchokera ku madzi ndi mpweya wa carbon dioxide, mothandizidwa ndi kuwala kwa dzuwa. Nthaka imangopereka madzi ndi michere. Kudabwa komwe mwamvako n'kwamtengo wapatali. M'zaka za m'ma 1990, Wolfram Schultz anapima ubongo wa apusi omwe ankawapatsa madzi a zipatso. Maselo a muubongo otulutsa mankhwala otchedwa dopamine ankatakasuka kwambiri madziwo akabwera mosayembekezereka. Apusiwo atazolowera kuti chizindikiro china chake chimatsogolera madziwo, maselowo anayamba kutakasukira chizindikirocho, ndipo madzi akapanda kubwera ankazilala. Apa zikuoneka kuti ubongo umaphunzira pa kusiyana kwa zomwe umayembekezera ndi zomwe wapeza. Munthu wongoloweza notsi, osayamba walosera, amaumana mpata umenewu.

Mukapeza pomwe mwaphonya, tsekani buku, mufotokoze mutuwo pamtima, kaya papepala kaya kwa mnzanu. Zimawawa mutu, inde, koma musazembe. Mu 2006, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anapeza kuti patatha sabata, ophunzira omwe anadziyesa chonchi ankakumbukira zambiri kuposa omwe anangobwereza kuwerenga.

Mawa lake dziyeseninso, kenako pakapita masiku angapo. Hermann Ebbinghaus anasonyeza kale mu 1885 kuti timaiwala kwambiri tikangomaliza kumene kuphunzira. Ndipo usiku muzigona, chifukwa ubongo umakhazikitsa zomwe mwaphunzira muli m'tulo. Kuchezera ndi buku mpaka tambala woyamba n'kudzipweteka chabe.

Inunso aphunzitsi ndi makolo, mwana akaphonya yankho musamuseke kapena kumukalipira. Mufunseni chomwe chamuganizitsa choncho, kenako mufufuze naye limodzi yankho lenileni.