Mbale Imene Inandigulula Mano Awiri

Munthu akangoyamba kugwira lathe, makina osemera mtengo ukuzungulira, amaiopa, ndipo mantha amenewo ndi amene amamusunga. Amaima chapatali, tchizulo ataigwira ngati wagwira njoka kumchira. Ovulala amene ndawaona ine si ongoyamba kumene ayi. Ndi ife amene tatha chaka kapena ziwiri pamakinapo, anthu n'kuyamba kutiitana kuti amisiri, ifenso n'kumavomera.

Ntchitoyi ndinaiphunzira kwa amalume anga pa boma pa Petauke, m'shedi yamalata. Lathe yawo ndi yowotcherera konkuno: mota yakale, lamba ndi mapule atatu. Kwa zaka ziwiri ndinkasema miyendo ya matebulo ndi ya mabedi, nthawi zina timizati ta mipando ya kutchalitchi. Pofika 2024 ndinkatulutsa miyendo inayi yofanana ndendende osayeza kawiri. Chimene sindinkachiona n'chakuti thabwa lililonse limene ndinkakweza pamakina anali atalisankha ndi amalume, mukwa wouma bwino, uja anzathu a ku Malawi amati mlombwa. Theka la luso limene ndinkadzitama nalo linali lawo.

Ndikawapempha kuti ndiyambe mbale, yankho linali limodzimodzi. "Mphwanga, mwendo ndi mbale si pachibale. Dikira mvula igwe, ndidzakuonetsa." Ine ndinkati akungondimana.

Chaka chimenecho n'chija cha chilala, madzi atatsika ku Kariba, kumene kumachokera magetsi. Pofika mu September malaiti ankabwera maola ochepa chabe, kawirikawiri pakati pa usiku. Mu October amalume anapita kumaliro kumudzi, ndipo m'mbuyo mwawo munabwera bambo wina wogulitsa zosemasema kwa apaulendo pa mlatho wa Luangwa. Ankafuna mbale 12 zazikulu, masentimita 30 kukamwa, m'masiku 10. Anasiya ndalama yachikole. Sindinaimbe ngakhale foni kumudzi.

Matabwa okhuthala chotero tinalibe, choncho ndinagula chipika cha mukwa kwa mnyamata wina wa cha ku Nyimba. Chinali chodulidwa sabata yomweyo, chikadali kutuluka utomoni wofiira uja wonga magazi. Mapepala sindinafunse, ngakhale lamulo la nkhalango la 2015 limafuna chilolezo podula ndi ponyamula mitengo yamalonda. Anthu timaganiza kuti wovuta ndi mukula wokha chifukwa ndi umene unamveka m'manyuzi, koma mu 2022, pamsonkhano wa CITES ku Panama, mukwa, mupapa ndi mbawa nazonso zinalowa m'gulu la mitengo yosatuluka m'dziko popanda chilolezo. Mtengo umene dziko lonse lapansi likuwerenga, ine ndinauwononga m'mausiku anayi.

Mtengo wauwisi umakoma kusema, ndipo apa ndi pamene pali msampha. Tchizulo imangolowa ngati m'papaya, zopalapala zikutuluka zazitali ngati maliboni, madzi akukuwaza kumaso. Usiku woyamba ndinamaliza mbale zitatu, zopyapyala mpaka kuoneka ngati zam'sitolo. Ndinapaka vanishi usiku womwewo. Pofika usiku wachitatu zinali 9.

Lamba ndinamusiya pa pule ya miyendo, imene imazungulira pafupifupi ka 1,400 pa mphindi. Pamwendo wa masentimita 6 liwiro limenelo ndi labwino. Koma werengani nokha: mlomo wa mbale ya masentimita 30 ukazungulira kamodzi wayenda pafupifupi mita yathunthu, ndiye ka 1,400 pa mphindi ndi makilomita ngati 80 pa ola, liwiro la basi ya ku Chipata ikamatsika pa Great East Road. Mbale yotero imafuna ka 600 kapena kucheperapo, makamaka isanakhale yozungulira bwino. Kusuntha lamba kumatenga mphindi imodzi. Ine ndinkaona kuti mphindiyo ndilibe.

Pamwendo, mitsempha ya mtengo imagona motsatira makina, tchizulo n'kumaipala cham'mbali mwake. Pambale imagona chopingasa, moti pakuzungulira kulikonse chitsulo chimakumana ndi mitu ya mitsemphayo kawiri, ndipo pamenepo m'posavuta kukodwa. N'chifukwa chake mbale ili ndi tchizulo yakeyake, yangalande yakuya ndi chigwiriro chachitali. Ife tinalibe. Ndinatenga tupa yakale, n'kuinola pa galayinda mpaka kuthwa. Ambiri amachita zimenezi ndipo amakuuzani kuti sinawavutepo. Chitsulo cha tupa n'cholimba kwambiri koma sichipindika, chikapanikizika chimathyoka ngati galasi.

Mbale ya nambala 10 ndinaidula pamodzi ndi mtima wa mtengo, kuti chipika chikwane. Inali itayamba kale kamng'alu kochokera pamtimapo, kochepa ngati tsitsi. Ndinakaona. Itayamba kuzungulira ndinamvanso kaphokoso kachilendo, kakuti tche, tche, tche, kosiyana ndi kulira kwa masiku onse. Wosema aliyense wodziwa amazimitsa makina akamva zotero. Ine ndinayang'ana babu, n'kuganiza zoti malaiti athima nthawi iliyonse, n'kuweramira pafupi, nkhope ili moyang'anizana ndi mlomo wa mbale. Chotchinga kumaso chinali pamsomali chifukwa cha kutentha.

Sindikumbukira kumva kupweteka. Ndikukumbuka kuti phaa! kenako ndili pansi mu utuchi, m'kamwa muli mchere ndi timiyala. Timiyalato anali mano anga. Tupa inathyoka pakati, chidutswa n'kuboola denga. Theka la mbale linandimenya pakamwa, theka lina tinakalipeza m'mawa panja pa shedi. Kuchipatala anandisoka mlomo, ndipo namwino anati chikanakwera pang'ono tikanakamba za diso.

Ndili chigonere ndinkadzitonthoza kuti mbale 9 zija zilipo. Chikomekome cha mkuyu. M'kutentha kwa October, pasanathe masabata awiri, zonse zinali zitapotoka ngati mazira, zisanu zitang'aluka mpaka pansi. Usiku wina ndinamva ina ikuthetheka yokha pashelefu.

Amalume atabwerako sanakalipe, chimene chinandiwawa kuposa kukalipa. Anatenga mbale imodzi yong'aluka n'kundionetsa mizere yozungulira ya mtengo. Mtengo ukamauma sufota mofanana: motsatira mizere imeneyo umafota pafupifupi kawiri kuposa kuchokera pamtima kupita kukhungwa, pamene m'litali umangotsala momwemo. Ukasiya mtima m'kati, mbali zonse zimakokana pamenepo mpaka china chigonje. Ndiye chipika amachiwaza pakati, mtima n'kutaya. Mbale amaisema kawiri. Koyamba amangoiumba, n'kusiya khoma lokhuthala gawo limodzi mwa magawo 10 a kukamwa kwake, kutanthauza masentimita 3 pambale ya 30. Kumitu ya mitsempha, kumene madzi amathawira msanga, amapaka phula la kandulo kapena penti yotsala. Kenako amaikwirira m'zopalapala zake zomwe m'katoni, pamthunzi popanda mphepo. Mwezi uliwonse amaikweza pasikelo n'kulemba kulemera kwake ndi pensulo kunsi. Ikasiya kupepuka ndiye kuti yauma, ndipo pamenepo imakhala itapotoka, koma nyama yowongolera ilipo. Imabwereranso pa lathe kachiwiri. Zonsezi ndi miyezi, osati masiku 10.

"Ukanandiimbira foni," anatero, "ndikanakuuza kuti umuuze bamboyo abwere mu April."

"Akanapita kwina, amalume."

"Nanga pano ali kuti?"

Chikole chija ndinabweza ndi ndalama za miyendo ya mabedi, pang'onopang'ono mpaka mvula itatha. Tchizulo ya mbale tinaitanitsa ku Lusaka, ndipo mwezi woyamba amalume sanandilole kuigwiritsa pamukwa, koma pa zipika za mango zokha, lamba ali pa pule yapang'onopang'ono, ine nditaima pambali poyatsa makina. Mbale yanga yoyamba yosang'aluka inali yaing'ono, yoikamo nsinjiro.

Bowo la tupa lija likadalipo padenga. Kawiri konse ndagula phula loti ndimate, kawiri konse amalume andiletsa. Mvula ikamagwa limadonthera pamalo penipeni pamene ndimaima.